Chitseko Chokhoma Loweruka

Boma linasiya kulipira kiliniki ya ku Rito Manso m'masiku amene mitengo ya maapozi imachita maluwa. Silinatumize apolisi, silinamange munthu. Linangoti lalandira dandaulo lomveka lakuti pakilinikipo pachitika chinyengo, choncho ndalama zaimitsidwa kufikira kafukufuku atatha. Dandaulolo linali lotani, sananene. Wodandaula anali ndani, sananene. Kiliniki yathu inalibe kwina kodalira, pakuti odwala ake anali anthu osauka a m'chigwa muno, ovutika maganizo ndi ofuna kusiya mankhwala ozunguza bongo, amene boma ndilo linkawalipirira. Akuluakulu ake analengeza kuti Lachisanu atseka.

Mmodzi wa odwalawo anali mlongo wanga Celso. Chaka chatha ndinamupeza m'bafa la amayi athu atagwa chagada, jakisoni ali pamkono, milomo itada. Anatsitsimuka chifukwa ambulansi inafulumira. Kuyambira pamenepo zinthu ziwiri ndizo zinkamugwira kuti asabwerere: mankhwala oletsa chibaba amene ankalandira kukiliniki, ndi mlangizi wake, a Leandro Abeyta.

Nditamva za kutsekako sindinalire. Ndinaima pasinki n'kumatsuka makapu otsukatsuka kale, mpaka hutala inalira panja.

Anali azakhali a Crucita, mlongo wa malemu bambo athu, amene anagwira upolisi kufikira atapuma.

"Fina! Vala nsapato. Munthu sanafe, iwe wayamba kale kukhuza?"

"Tikupita kuti, azakhali?"

"Kukafunsa anthu. Boma likakana kunena mlandu, mlanduwo timaufuna tokha ngati mbuzi yosochera. Tikaupeza tikauyankha, kiliniki itseguka, Celso akhala ndi moyo. Kwera."

*

Tinawapeza a Leandro akulongedza mabuku m'makatoni. Anali atapinda malaya mpaka m'zigongono, ndipo atatiwona anapendeketsa mutu monga amachitira akamamvera munthu. Ndinali ndisanauzepo aliyense kuti kulira kwa galimoto yawo ndimakuzindikira ili kutali, kumlatho. Ndinayang'ana makatoni.

"Mwaba chiyani, mnyamata?" anafunsa azakhali asanakhale n'komwe.

"Ndikanadziwa, mayi, ndikanabweza."

"Sanakufunseni kanthu?"

"Palibe amene wandifunsa ngakhale dzina langa."

"Nanga loya wanu akuti chiyani?"

"Akuti kulibe bwalo lokadzitetezerako. Timayembekeza kafukufuku athe. Mwina miyezi, mwina zaka."

Azakhali anamenya tebulo ndi chikhatho. "Ine ngakhale woba nkhuku ndinkayamba ndamuuza mtundu wa nkhukuyo ndisanamumange! Chabwino. Ndipatseni maina a odwala anu, ndione amene angakhale ndi chifukwa."

"Sindingatchule dzina la munthu."

"Ngakhale la mwana wa mlongo wanga, amene ndinamusambitsa ndekha?"

"Ngakhale limenelo."

"Mwamuna wokanika ngati uyu adzakwatira ndani?" anatero azakhali akundiyang'ana ine.

Ndinadzilimbitsa mtima. "A Leandro, amene akumwa mankhwala, Lachisanu likadutsa atani?"

"Sindikunena za munthu aliyense, Delfina. Koma amene ali nawo mankhwala, amuthera sabata yamawa. Akuti kudzabwera kampani ina kuchokera kutali kudzayendetsa kiliniki, tsiku lake palibe akulidziwa. Kuzipatala za m'tauni mzere wake ndi wa miyezi. Ine Lachisanu ndikubweza makiyi ndi foni ya ntchito, ndipo andiletsa kuonana ndi odwala kufikira nkhaniyi itatha."

Ananena zimenezi mofatsa, ngati akuwerenga za nyengo. Kenaka anamata katoni ndi tepi.

*

Tsidya la msewu, moyang'anizana ndi chitseko cha kiliniki, mayi Tiburcia amagulitsa matamale, timitanda ta ufa wa chimanga ndi nyama ya tsabola tokulunga m'makoko, kumbuyo kwa galimoto yawo. Azakhali anagula awiri, nandipatsa limodzi, nayamba kufunsa ali kudya.

"Tiburcia, iwe ndiwe maso a msewu uno. Waonapo alendo?"

"Alendo? Mayo ine, Crucita, masiku ano mlendo ndi kasitomala. Anthu akudya za m'mapepala, n'chifukwa chake akufa ndi shuga. Mlamu wanga uja wa ku Taos amudula chala, unamva? Chachikulu. Tsopano nsapato akuvala..."

"Alendo, Tiburcia."

"Eya, analipo awiri. Galimoto yoyera ya boma, mataye m'khosi kukutentha. Mmodzi anagwedeza chitseko, mnzakeyo anajambula loko ndi foni. Anasuzumira pawindo ngati ana ofuna kuba maapozi. Kenaka anabwera kudzagula. Wamtaliyo atangoluma, misozi mbwe! Akuti mayi, mulibe opanda tsabola? Ndinati bambo, opanda tsabola timapatsa makanda."

"Linali tsiku lanji?"

"Loweruka. Ndipo anabweranso Loweruka linzake, n'kujambulanso loko yemwe uja, ngati wasintha nkhope."

Azakhali anasiya kutafuna. "Sunawauze kumene kunali anthu?"

"Anandifunsa? Ndipo akanandifunsa, ine ndikanati ana a anthu ali kungalande ndi mlangizi wa a mankhwala? Kuno sititero, Crucita, ukudziwa."

Tonse tinkadziwa. Chipale chofewa cha m'mapiri chisanasungunuke, ngalande yothirira minda imayenera kukumbidwa, ndipo nyumba iliyonse imatumiza munthu ndi fosholo. Nyumba yosatumiza siona madzi chaka chimenecho. A Leandro anaona kuti amuna a kuno ukawakhazika pamipando mozungulira amangoyang'ana nsapato zawo, koma ukawapatsa fosholo, maso ali pansi, mapewa ali pafupi, amayankhula zonse. Choncho Loweruka ankakhoma chitseko n'kupita nalo gulu lawo kungalande. Chigwa chonse chinkawaona. Palibe ankanena. Ukadutsa unkangokweza dzanja ngati waona alimi wamba.

"Ndiye mlandu ndi umenewo," anatero azakhali. "Boma likulipirira uphungu wa Loweruka, alendo akupeza loko. Tiburcia, alendowo asanabwere, ndani wina anagwedezapo chitseko chimenecho Loweruka?"

Mayi Tiburcia anavundukula mphika, nthunzi inawaphimba nkhope. "Ine ndimayang'ana malonda anga."

"Iwe umayang'ana ngakhale za m'matumba a anthu. Nena."

"Analipo mmodzi. Ananyamula kambale ka chakudya kokulunga m'nsalu. Anaima nako pakhomopo mpaka kanazizira, kenaka anapita."

"Wamwamuna, wamkazi?"

"Munthu wa Mulungu. Ndimagwada naye benchi imodzi kutchalitchi, dzina sinditchula. Mukufuna ena awiri opita nawo?"

*

M'galimoto azakhali ankaganiza mokweza.

"Mlendo salota tsiku. Wina anawauza kuti bwerani Loweruka. Munthu ameneyo mwina amadziwa za ngalande koma ali ndi njiru, mwina sadziwa n'komwe. Tiyambe ndi wanjiru."

"Ndani, azakhali?"

"Porfirio Gurulé. Sunamve m'mene anakalipira kusitolo kuti safuna mbava pangalande yake?"

A Porfirio ndiwo kapitawo wa ngalande, amene amagawa madzi ndi kuyang'anira okumba. Tinawapeza kuseri kwa nyumba yawo akunola fosholo pamwala. Sanadzuke.

"Wabwera kudzandimanga kapena kudzandivomera, Crucita? Mawu anga a ukwati aja akadalipo."

"Ndinakukana uli ndi mano, lero ndikuvomere chiyani? Unaimbira foni aboma?"

"Ndilibe foni."

"Mwana wako ali nayo."

"Ali ku Denver. Ndipo ine boma ndiliuze chiyani? Linandilanda msipu wa bambo anga."

"Unati sufuna mbava pangalande."

"Ndinatero."

"Ndiye?"

"Ndiye zinabwera. Zinakumba." Anayesa kuthwa kwa fosholo ndi chala. "Ana a eni minda amabwera dzuwa litakwera, mafoni ali m'manja. Awa amayamba chisanu chikadali pansi. Kuchokera kuchipata chachikulu cha madzi mpaka pamisondodzi, anamaliza iwowo."

"Mlangizi ankakhala nawo?"

"Ankakumba pakati pawo. Sadziwa kugwira fosholo, koma amayesa."

"Ankayankhula?"

"Ankayankhula. Ena ankalira. Zikafika pamenepo ine ndinkapita kutsogolo kukaona zipata."

"Ungakanene zimenezi pamaso pa aboma?"

"Popanda maina, inde. Andiitane."

Azakhali anapuma mozama. Mboni inali itapezeka, koma wodandaula ayi. Anatembenuka kuti tizipita. Pamenepo maso anga anagwera m'shedi ya a Porfirio, imene chitseko chake chinali chotsekula. Pamsomali panapachikidwa jekete yobiriwira imene ndinamugulira Celso pa Khirisimasi. Pansi pake panali majombo odzaza matope ouma.

"Agogo, zovala za achimwene zikutani kuno?"

"Amasinthira muno. Akamaliza amasamba pamjigo apo, ndi sopo wanga, n'kuvala za bwino."

"Chifukwa chiyani?" anafunsa azakhali.

A Porfirio anayang'ana kumapiri kaye, ngati akupempha chilolezo. "Akukumbira munda wa bambo wake. Chimwalirireni Onesimo mundawo sunamwe madzi. Mnyamatayo akufuna adzalemo tsabola. Anati mkazi wake asadziwe mpaka tsabolayo atamera. Akuti ndi mwana wa m'tauni, sanaonepo madzi akulowa m'munda, akufuna adzamutenge padzanja akamuonetse."

Mwala unapitiriza kulira pafosholo. Ndinaganiza za kambale kokulunga m'nsalu.

M'chigwa chonse munali munthu mmodzi yekha amene sankadziwa za ngalande.

*

Mlamu wanga Berlinda anakulira mumzinda wa Albuquerque. Anakwatiwa ndi Celso asanadziwe bwino za jakisoni, ndipo atadziwa sanachoke. Tinamupeza akusita kukhitchini, dzuwa la masana likugwera patebulo.

"Azakhali! Alamu! Khalani, nditereke khofi."

"Siya khofi, mwana wanga. Khala apa." Mawu a azakhali anali ofewa, mawu amene sindinawamvepo akuyankhulira wina aliyense. "M'kambale kaja munali chiyani?"

Berlinda anaimika simbi. Anayang'ana malaya a Celso amene anali patebulo, nawongola kolala ndi zala.

"Nyemba ndi nyama," anatero. "Anaiwala kunyamula."

"Unapeza chiyani?"

"Loko. Mipando yokhayokha pawindo. Madzulo ndinawafunsa kuti kukiliniki kunali bwanji. Anati bwino, tinacheza kwambiri. Ankamwetulira, azakhali. Ankamwetulira ngati kale, nthawi imene ankandinamiza." Mawu ake analibe kukwera kapena kutsika. "Loweruka linzake ndinapitanso. Loko yemweyo. Anabwera kunyumba atatopa, maso ofiira, akununkhira sopo amene si wa m'nyumba muno. Inu mukanaganiza chiyani?"

"Kuti wayambiranso."

"Kapena kuti ali ndi wina. Sindinkadziwa choipa kwambiri ndi chiti. Ndinayang'ana m'mikono mwawo, ndinafufuza m'galimoto, m'masokosi. Ndinati akiliniki akudya ndalama padzina la mwamuna wanga, iye ali kwina akudzipha. Pakhoma lawo pali nambala yonenera zachinyengo. Ndinaimba."

"Unanena chiyani?"

"Kuti Loweruka sikukhala munthu. Basi. Ndinkafuna wina akawafunse, andiuze kumene amapita. Sindinanene kuti atseke."

"Alamu, bwanji simunandifunse ine?" ndinafunsa.

Berlinda anandiyang'ana. "Ndinakufunsani. Tinali kusitolo. Ndinati kodi achimwene anu Loweruka amakhala kukiliniki? Munati eya, ali ndi a Leandro, n'kuyamba kusankha anyezi. Inu a kuno munthu akakufunsani kanthu mumayang'ana kumapiri."

Azakhali ndiwo anamuuza za ngalande, za shedi, za mjigo ndi za munda. Berlinda anamvetsera mpaka pamapeto. Sanalire. Anazimitsa simbi, napinda chingwe chake bwinobwino, nafunsa kuti tsabola amatenga nthawi yaitali bwanji kuti amere.

"Zimenezo pambuyo," anatero azakhali. "Tenga foni. Wodandaula ndiwe, ukanena kuti unalakwitsa nkhani yatha. Mboni tili nayo. Imba, uike kuti tonse tizimva."

Foni inaitana kanthawi, kenaka inaimba kanyimbo. Tinadikira tikumvera kanyimboko. Potsiriza panabwera mawu a mtsikana, aulemu, oyera ngati mbale yatsopano.

Berlinda anatchula dzina lake. Anafotokoza zonse mwadongosolo, kuyambira pakambale.

"Zikomo mayi chifukwa choimba. Tsoka ilo sindingatsimikize ngati dandaulo limenelo lilipo kapena ayi."

"Lilipo. Ndinalipereka ndine. Ndikufuna kulibweza."

"Dandaulo likalandiridwa silibwezedwa, mayi. Limapita kwa ofufuza."

"Ndiye ndipatseni ofufuzawo."

"Ofufuza salandira mafoni. Akafuna kumva kwa inu adzakupezani."

Azakhali anaweramira pafoni. "Mwana iwe, ine ndagwira upolisi usanabadwe. Tili ndi mboni yoona ndi maso. Tikaperekere kuti umboni? Bwalo likhala liti?"

"Pepani mayi, kafukufuku ali m'kati sipakhala bwalo. Kiliniki idzapatsidwa mpata wolankhula zonse zikatha."

"Zikatha kiliniki idzakhala ili kuti?"

"Zimenezo sindingayankhe. Pali china chimene ndingakuthandizeni?"

"Chilipo."

Mawuwo anachokera kukhomo. Celso anali ataima pamenepo, utuchi wa kumacheka uli m'tsitsi, chipewa chili m'manja. Sitinamve galimoto yake ikufika. Nkhope yake inaonetsa kuti wamva zokwanira. Anayenda mpaka patebulo, nakoka foni ndi chala chimodzi.

"Dzina langa ndine Celso Maestas," anatero. "Ndinkadzibaya mankhwala zaka zambiri. Bambo anga anamwalira ine ndili kuseri kwa sitolo ndikugula mankhwalawo. Izi sindinauzepo munthu koma a Leandro, ndipo ndinawauza Loweruka, tili m'ngalande, matope ali m'maondo. Loweruka lililonse anali nafe. Lembani dzina langa, muuze aliyense amene mukufuna. Mankhwala anga akutha sabata yamawa."

Kenaka mtsikana uja anayankhula, ndipo ulemu wake unali utang'ambika pang'ono.

"Bambo, pepani kwambiri. Ine ndilibe poti ndilembe zimenezi. Ngati mukuona kuti moyo wanu uli pangozi, imbani nambala ya ambulansi."

Celso anadula foni modekha, naitembenuza chafufumimba. Anayang'ana mkazi wake.

"A Celso," anatero Berlinda. "Ndinkaopa."

"Ndikudziwa, Linda. Ndinakuphunzitsa ndine kuopa." Anaika dzanja pamutu pake kanthawi, ngati m'mene munthu amayesera mwana kutentha thupi. "Anali tsabola chabe."

Anavala chipewa natuluka.

"Celso!" anafuula azakhali. "Mawa ndikupita kulikulu ndekha, ndikagona pakhomo pawo! Wamva? Bwerera kuno, mwana wa Onesimo!"

Maondo awo sakanatha kuthamanga. Ine ndinathamanga. Ndinafika galimoto itayamba kale kubwerera m'mbuyo, ndinatsekula chitseko n'kudziponya pampando.

Sanandiyang'ane. Tinadutsa tchalitchi, tinadutsa kiliniki. A Leandro anali panja akukweza makatoni m'galimoto yawo, atatifulatira. Ndinafuna kutsitsa galasi ndiwaitane, koma dzanja langa linangokhala pantchafu ngati la munthu wina.

Pamphambano Celso anaima. Kumanzere msewu umakwera kunka kuminda ndi kwa amayi. Kumanja umatsikira kutauni, kumene kuli nyumba ya chitseko chabuluu, ya ogulitsa mankhwala ozunguza bongo, imene tonse timaidziwa koma sitiitchula.

"Tsika, Fina."

"Sinditsika, achimwene."

"Ndati tsika."

"Mukafuna munditulutse nokha."

Anagwira chiwongolero ndi manja onse awiri. M'zikhatho mwake munali matuza a fosholo, ena ophulika, ena atauma. Kumbuyo kwathu galimoto ina inaimba hutala kamodzi, mwaulemu, kenaka inatilambalala.

Anakhotera kumanja.

"Tikafika," anatero maso ali pamsewu, "ukhale m'galimoto. Ukhome zitseko. Ndikachedwa, ulowe."